Kumanga khola la nkhuku kuseri kwa nyumba ndi zipangizo zakale

Khola limene tikufotokoza pano ndi la nkhuku zoikira 6. Limakhala m'mwamba pa nsanamira, ndipo kutsogolo kwake kumakhala mpanda wa waya momwe nkhukuzo zimaswera masana. Zambiri zomangira n'zimene ena anataya kale: mapaleti onyamulirapo katundu, malata okanganulidwa pa nyumba, zigubu, matayala. Pa zinthu ziwiri zokha musaumire ndalama: waya wa maso ang'onoang'ono ndi misomali. Thabwa lakale, ngakhale lisakongole, limakhala zaka likugwira ntchito. Waya wadzimbiri amaduka galu akangomukankha kamodzi, ndipo m'mawa mumapeza nthenga zokhazokha.

Kukula kwa khola ndi malo ake

Nkhuku yaikulu imodzi imafuna masikweya mita 0.4 mkati mwa khola ndi sikweya mita 1 mumpanda. Kwa nkhuku 6, khola likhale mamita 2 m'litali ndi mamita 1.2 m'lifupi, mpanda ukhale mamita 3 kwa mamita 2. Zikapanikizana zimayamba kujomphana, kuzulana nthenga ndi kuswa mazira, ndipo pansi sipauma. Tambala safunika ngati cholinga ndi mazira odya okha, chifukwa mathadzi amaikira ngakhale palibe tambala. Musanakumbe dzenje, funsani ngati malamulo a dera lanu amalola kuweta nkhuku pakhomo komanso kuti khola litalikire bwanji ndi malire a anansi.

Malo abwino mumawadziwa mvula ikangokata. Pamene madzi adikha kapena pamene adutsa, pamenepo ayi. Sankhani pokwererapo, pamene pamafika mthunzi masana dzuwa likaswa mtengo. Nkhuku sizituluka thukuta, zimadziziziritsa mwa kupuma wefuwefu, choncho kutentha kumazivuta kuposa kuzizira. Kumbuyo kwa khola, kumene khoma lake ndi lotseka, kuyang'ane kumene mphepo ya mvula imachokera kawirikawiri.

Kutola ndi kusankha zipangizo

Sonkhanitsani zonse kaye musanadule kanthu. Pomanga ndi zakale, zipangizo ndizo zimalamula miyeso, inu mumangotsatira.

Pafunika mapaleti 10 kapena 12. Awiri mwa iwo akhale ofanana ndi olimba, a masentimita 120 kwa 100, chifukwa mukawagundaniza amapanga pansi pa khola ndendende. Ngati omwe mwapeza ndi a masentimita 120 kwa 80, gundanizani atatu, khola lidzatalika mamita 2.4. Yang'anani chidindo chimene chimakhala pambali pa paleti. Zilembo HT zimasonyeza kuti matabwawo anangowatenthetsa pofuna kupha tizilombo, ndipo amenewo ndi abwino. Zilembo MB zimasonyeza kuti anawafukiza ndi mankhwala a methyl bromide, amenewo asiyeni. Siyaninso paleti lililonse lokhala ndi mabanga a oilo, ufa wosadziwika kapena fungo la mankhwala, popeza simudziwa chimene chinatayikirapo.

Nsanamira zikhale 6, zonenepa masentimita 8 mpaka 10: zitatu za masentimita 250 za kutsogolo ndi zitatu za masentimita 220 za kumbuyo. Mapaipi achitsulo akale amaposa mitengo pa ntchito imeneyi chifukwa chiswe sichiwatha. Pezaninso mitanda iwiri ya masentimita 5 kwa 10 yotalika mamita 2.2, timatabwa ta masentimita 5 kwa 5 ta mapaso, malata 4 otalika pafupifupi mamita 2, ndi mitengo ina 5 kapena 6 ya mpanda. Lata lililonse liimikeni moyang'ana dzuwa. Timabowo ta misomali yakale timatsekeka, koma lata limene kuwala kukulowa paliponse chifukwa cha dzimbiri latha ntchito.

Pali zina zimene zimapezeka mwaulere koma siziyenera kufika pafupi ndi nkhuku. Matabwa a penti yakale yosupuka, makamaka a zitseko ndi mawindo a nyumba zamakedzana, angakhale ndi mtovu. Nkhuku zimajompha tizidutswa ta pentiyo ndipo mtovu umakafika m'mazira. Matabwa a njanji ndi mapolo a magetsi amanyikidwa m'mafuta akuda onunkha otchedwa creosote. Matabwa obiriwira mwachimbuuzi nthawi zambiri amakhala othiridwa mankhwala okhala ndi poizoni wotchedwa arsenic, ndipo zotsala zake musazitenthe n'komwe. Malata a asibesitosi musawadule kapena kuwaboola, fumbi lake limawononga mapapo anu. Zoyera zopepuka zimene amatetezera katundu m'makatoni nkhuku zimazikonda ngati chakudya, zimazidya mpaka kutha.

Chenjeraninso ndi zipangizo zochokera m'khola la munthu wina. Utitiri umabisala m'ming'alu ya matabwa ndipo umakhala ndi moyo miyezi ingapo wosayamwa magazi. Zitosi zouma zomatirira pa matabwa zimanyamula matenda. Ngati simungachitire mwina, palani, tsukani ndi madzi otentha a sopo, thirani mankhwala ophera tizilombo, kenako yanikani padzuwa masiku angapo.

Zida zake ndi zodziwika: sowo, hamala, tepi, levulo, pulayazi, chodulira waya ndi chitsulo chozulira misomali.

Kuphwasula mapaleti

Apa ndi pamene matabwa ambiri amawonongeka. Misomali ya mapaleti imakhala ndi mizere yoigwiritsa, ndipo mukakanula thabwa ndi mphamvu kuchokera kumapeto limang'ambika. Njira yachangu ndi kudula matabwa ndi sowo m'mbali mwa mitanda ya kunja, kenako n'kukanula pa mtanda wa pakati pokha. Mumataya masentimita ochepa mbali iliyonse koma thabwa limatuluka lathunthu. Ngati mukufuna utali wonse, lowetsani sowo yodulira zitsulo pakati pa thabwa ndi mtanda n'kudula misomaliyo, mitu yake muigogode ituluke.

Matabwa akale ndi ouma kwambiri, sachedwa kung'ambika pokhoma. Boolanitu kabowo pamene msomali ukhale pafupi ndi mapeto, kapena gogodani nsonga ya msomali ndi hamala kuti ibunthe. Msomali wobuntha umadula ulusi wa thabwa pamene wosongoka umaulekanitsa ngati nkhwangwa.

Msomali uliwonse umene mwazula uponyeni m'chitini nthawi yomweyo. Chifukwa chake tichifotokoza kumapeto.

Kuzika nsanamira

Goneketsani mapaleti awiri aja pamalo pomwe pakhale khola, ogundana. Yezani kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yopingasana nayo, kenako chimodzimodzi mbali inayo. Miyeso iwiriyi ifanane, ndipo pa mamita 2 kwa 1.2 imakhala pafupifupi masentimita 233. Ikasiyana, khola lidzakhala lopindika, chitseko chizikana kutseka, malata sadzakhala bwino. Ikani zizindikiro kunja kwa ngodya zinayi ndi pamene mapaleti agundana, kutsogolo ndi kumbuyo. Chotsani mapaletiwo mukumbe maenje 6 akuya masentimita 60.

Pansi pa dzenje lililonse thirani timiyala masentimita 10 kuti madzi asadikhe kutsinde kwa nsanamira. Mbali yolowa m'dothi iwauleni pamoto mpaka ide kunja, kupitirirako pang'ono pamene dothi lidzalekeze, chifukwa mtengo umayamba kuola pamalire a dothi ndi mpweya. Ambiri amapaka oilo wakuda wa galimoto. Ife sitikulimbikitsa zimenezo, popeza nkhuku zimapalasa ndi kujompha pamalo omwewo. Imikani nsanamira ndi levulo, kwirirani dothi pang'onopang'ono, masentimita 10 nthawi imodzi, mukusinja mwamphamvu musanawonjezere lina. Mitu ya nsanamira musaidule pano.

Pa msinkhu wa masentimita 50 kuchokera pansi, lembani mzere pa nsanamira zonse. Nthaka siikhala yosalala, choncho yezani pa nsanamira imodzi yokha, zinazo mutengere pa imeneyo ndi levulo kapena ndi paipi yoonekera mkati yodzaza madzi. Semani nsanamira iliyonse mkati mwake masentimita 2, kunsi kwa mzerewo, kuti mtanda ukhale pa mtengo, usalendewere pa misomali yokha. Mangani mitanda iwiri ija, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndi mabawuti ngati alipo. Khomani timatabwa topingasa kuchokera pa nsanamira za m'ngodya kufika pa mitanda. Khola lopanda timatabwa timeneti limagwedezeka, ndipo pakapita miyezi limayamba kupendekera.

Pansi ndi makoma

Sanjikani mapaleti pa mitanda, mitengo yake yonenepa iloze kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo akhomereni. Tsekani mipata yonse ndi matabwa ophwasula. Pamwamba pake yalani pulaiwudi yakale, lata losalala kapena kapeti ya pulasitiki, m'mphepete mwake mukweze masentimita 10 kutsamira khoma. Pansi posalala pamapalika msanga, pamene pansi pa ming'alu pamasunga zitosi ndi utitiri. Kukweza khola chonchi kumaliteteza ku chinyezi, kumalanda makoswe pobisala, ndiponso kunsi kwake kumakhala mthunzi wa nkhuku.

Tsopano yezani kuchokera pamwamba pa mapaleti: masentimita 100 pa nsanamira za kumbuyo, 130 pa za kutsogolo, ndipo dulani.

Zithunzi zambiri za pa intaneti zimaonetsa mapaleti athunthu ataimikidwa ngati makoma. Ntchito imafulumira, inde, koma paleti lili ndi mphako pakati, ndipo mphakoyo imasanduka nyumba ya makoswe ndi utitiri, pomwe dzanja lanu silingafike. Limadyanso malo pafupifupi masentimita 14 mbali iliyonse. Khoma la thabwa limodzi ndi labwino koposa. Khomani timitanda tiwiri togona pakati pa nsanamira, kena pansi kena pa masentimita 100, ndipo matabwa muwakhome choimika kuti madzi azitsetsereka. Agundanizeni kwambiri, ndipo pa mzere uliwonse wokumanira khomani kathabwa kopyapyala kunja. Matabwa amafota nyengo youma, mpata umene lero sukuoneka udzatseguka.

Makoma a m'mbali alekeze pa masentimita 100. Pamwamba pake patsala mpata wa ngodya zitatu, ndipo kutsogolo patsala mpata wa masentimita 30 utali wonse wa khola. Mipata imeneyi musaitseke ndi matabwa.

Mpweya

Makola ambiri omangidwa pakhomo amalakwika apa, chifukwa womanga amaganiza kuti khola lotsekeka ponseponse ndilo lotetezeka. Zitosi za nkhuku pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi madzi, ndipo zambiri zimagwa usiku nkhuku zili pamtanda. Mpweya umene zimapuma nawonso ndi wachinyezi. Chinyezicho chikasowa potulukira, utuchi woyala pansi umanyowa, zitosi zimatulutsa mpweya wonunkha wotchedwa amoniya, ndipo amoniya amapweteka maso ndi njira zopumira. Nkhuku zimayamba kuyetsemula, kutupa maso ndi kuchepetsa mazira, mwini wake n'kumagula mankhwala pamene vuto ndi khola.

Mipata ya m'mwamba ija itsekeni ndi waya wa maso ang'onoang'ono. Ili pamwamba pa mitu ya nkhuku zikagona, choncho mpweya wotentha umatuluka popanda mphepo kuziomba. Kumadera otentha kwambiri, theka la pamwamba la chitseko chachikulu likhalenso la waya. Kumadera ozizira, pangani kathabwa kotsekera mpata wa kumene kukuchokera mphepo, koma ina ikhalebe yotsegula ngakhale m'nyengo yachisanu. Poyesa, lowetsani mutu m'khola m'mamawa musanatulutse nkhuku. Maso akathethera, kapena kunsi kwa malata kukakhala madontho, mpweya ukuchepa.

Denga

Ikani mapaso atatu, limodzi pa nsanamira ziwiri zilizonse, otalika masentimita 185 kuti denga lipitirire masentimita 30 kutsogolo ndi kumbuyo. Pamwamba pake pingasani timitanda titatu ta masentimita 260. Kusiyana kwa masentimita 30 pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo kumakwanira kuti madzi atsikire kumbuyo, kutali ndi mpanda.

Malata asanjikizane mzere umodzi ndi theka, ndipo yambani kuyala kuchokera mbali yosemphana ndi kumene mphepo imachokera. Ngati ndi zidutswa zazifupi, cha m'mwamba chikwere pa cha m'munsi masentimita 15. Khomani pa msana wa lata, osati m'ngalande momwe mumayenda madzi. Kunsi kwa mutu wa msomali uliwonse ikani kachidutswa ka chubu cha tayala. Mabowo akale atsekeni ndi phula kapena silikoni. Mphepo imayamba kukanganula denga m'mphepete, choncho mangani mapaso ku nsanamira ndi waya wonenepa kapena kachitsulo kopyapyala. Penti yoyera pamwamba pa malata imachepetsa kutentha mkati.

Zitseko, pogona ndi zisa

Nsanamira ya pakati imagawa kutsogolo pawiri. Mbali imodzi ikhale chitseko chachikulu chosesera ndi kutolera mazira. Chimangeni ndi kathabwa kopingasa kochokera ku ngodya ya m'munsi ya mbali ya mahinjesi kukwera ku ngodya ya m'mwamba ya mbali inayo, apo ayi chidzagwera pansi. Mahinjesi akale a zitseko ndi abwino. Zidutswa za tayala zimagwira ntchito pa tizitseko topepuka pokha. Pakhomo imikani thabwa la masentimita 15 lochotseka, loletsa utuchi kutayikira panja.

Mbali inayo ikhale khoma lokhala ndi kakhomo ka nkhuku ka masentimita 30 m'lifupi ndi 35 m'litali, koyambira masentimita 15 kuchokera pansi. Kachitseko kake kaziyenda m'timizere tiwiri, kukwera ndi kutsika. Zitseko zonse zikhale ndi zotsekera zimene sizitseguka pongokankha kapena kugwedeza. Msomali wokhota wozungulira sukwanira. Makwerero ndi thabwa la masentimita 25 m'lifupi ndi 130 m'litali, lokhomedwa timitengo topingasa pa masentimita 10 aliwonse. Akatsetsereka kwambiri, akhazikeni pa njerwa.

Nkhuku zimagona pamalo okwera koposa onse amene zingafike. Mtanda wogonapo ukhale masentimita 50 kuchokera pansi ndi 30 kuchokera ku khoma la kumbuyo, kuti michira isakhule khoma. Nkhuku iliyonse imafuna masentimita 25 mpaka 30, choncho mtanda umodzi wa mamita 2 ukukwanira. Ukhale wa masentimita 5 m'lifupi, m'mphepete mosalazidwa, wopanda zobaya. Paipi yachitsulo kapena ya pulasitiki imaterera, ndipo mtengo wowonda ngati mpini wa tsache umatopetsa zala. Musaukhomere. Ukhazikeni m'timipata tosema kuti muziuchotsa, chifukwa utitiri umakonda kumapeto kwake. Kunsi kwake ikani thabwa kapena lata losalala la masentimita 50 m'lifupi lolandira zitosi. Kulipala m'mawa uliwonse ndi ntchito ya mphindi ziwiri, ndipo utuchi umakhalitsa.

Zisa ziwiri zikukwanira, popeza chimodzi chimatumikira mathadzi 4 kapena 5. Chilichonse chikhale pafupifupi masentimita 30 mbali zonse. Ndowa kapena zigubu za malita 20 zogoneka chammbali zimachita bwino ndipo zimatsukika, bola zisakhale zimene munali mafuta a galimoto kapena mankhwala a m'munda. Podula chigubu siyani mlomo wa masentimita 8 wotchinga udzu ndi mazira. Zikhomereni ku khoma la m'mbali, chakutsogolo, masentimita 20 kuchokera pansi. Zikakwera kufanana ndi mtanda, nkhuku zizigona m'menemo ndipo mazira azituluka a zitosi. Pamwamba pake pendeketsani thabwa kuti pasakhale poima.

Pomaliza pakani njereza mkati monse, mulowetse bwino m'ming'alu. Ikauma, yalani utuchi wokhakhala wa popala matabwa, mankhusu kapena udzu wouma wodulidwa, masentimita 8 mpaka 10. Utuchi wosalala ngati ufa umachita fumbi, ndipo udzu wa nkhungu umadwalitsa.

Mpanda ndi waya

Waya wa nkhuku wa maso a ngodya 6 amangoletsa nkhuku kutuluka. Galu amamung'amba, ndipo makoswe, njoka ndi alikongwe amadutsa m'maso mwake. Wofunika ndi waya wowotcherera wa maso a mamilimita 13. Kuti ndalama zisapite zambiri, muikeni pamene pali ngozi: mita 1 ya m'munsi ya mpanda, kuzungulira kunsi kwa khola kupatula mbali yoyang'ana mumpanda, mipata ya mpweya, ndi pansi kunja kwa mpanda. Pamafunika pafupifupi mamita 25 a waya wa mita 1 m'lifupi. Mbali ya m'mwamba ndi denga la mpanda mungaike waya wotchipa uja, pafupifupi mamita 15, wotchinga akabawi ndi mbalame za m'tchire zimene zimabweretsa matenda. Poti m'mwambamo chitetezo n'chochepa, kachitseko ka nkhuku kazitsekedwa usiku uliwonse.

Mpanda ukhale wotalika mamita 1.8 kuti muzilowa choimirira, mitengo yake italikirane mamita 1.5. Waya akhale kunja kwa mitengo, kuti chilombo chikamukankha azitsamira mtengo. Timisomali tokhota tokha timazuka, choncho pamwamba pake khomanipo kathabwa kopanikiza, kapena gwiritsani ntchito misomali yokhala ndi zitsekerero za mabotolo zophwanyidwa. Pamene zidutswa ziwiri zakumana, zisanjikizane masentimita 8 ndipo zisokedwe ndi waya wowonda.

Zilombo zokumba zimayambira patsinde penipeni pa mpanda. Yalani waya wa masentimita 50 m'lifupi pansi, kunja, kuzungulira mpanda ndi khola lomwe, mum'lumikize ku waya woima, kenako mum'kwirire ndi dothi pang'ono kapena miyala. Chilombo chimakumba, chimagunda waya, ndipo sichiganiza zobwerera m'mbuyo kukayambira patali. Kunsi kwa chitseko cha mpanda yalani njerwa kuti pasakhale mpata woposa chala.

Mumpanda, kunsi kwa khola komwe mvula siifika, ikani tayala lodzaza mchenga, dothi louma ndi phulusa la nkhuni, kuti nkhuku zizisambamo. Madzi akhale mumpanda, osati m'khola. Thadzi loikira limamwa pafupifupi kota ya lita patsiku, ndipo kukatentha limatha kumwa kuwirikiza kawiri. Chomwera ndi chodyera zipachikidwe kufika pa msinkhu wa msana wa nkhuku kuti zisapalasiremo zinyalala.

Musanalowetse nkhuku

Mangani maginito a sipika yakale ku chingwe n'kuwakoka pansi ponse, m'khola ndi mumpanda, kawiri kapena katatu. Nkhuku imameza chilichonse chonyezimira. Kamsomali kapena kachidutswa ka waya kamaboola nthutumba yake, ndipo imayamba kuwonda n'kufa popanda chizindikiro china. Pindani nsonga zonse za misomali zotulukira mkati.

Thirani ndowa zingapo za madzi pa denga wina akuyang'ana mkati. Kukada, ikani tochi yoyaka m'khola, tsekani zitseko, ndipo zungulirani kunja. Paliponse pamene kuwala kukutulukira, kupatula mipata ya waya, yesani ndi chala. Chikalowa, tsekanipo.

Nkhuku zatsopano zisungeni m'khola masiku awiri kapena atatu, pamodzi ndi madzi ndi chakudya, kuti zidziwe pogona. Kukakhala kotentha kwambiri musazitsekere masana, m'malo mwake muzizinyamula madzulo n'kuziika pamtanda mpaka zizolowere. Mwezi uliwonse yang'anani nsanamira ngati chiswe chayamba kumanga timisewu ta dothi, ndipo usiku pukutani kunsi kwa mtanda ndi kansalu koyera. Kakatuluka ndi timizere tofiira, utitiri walowa: tulutsani mtanda ndi zisa, tenthani utuchi wonse, tsukani, thirani mankhwala ovomerezeka a m'makola a nkhuku, ndipo mubwereze pakatha masiku 7 kuti muphenso umene waswa kumene.